Waya amene alamu anadula

Ndinawauza alamu kuti asadule waya uja. Ndinawauza atagwira kale pulayala m'manja, amuna anga ali pomwepo, apongozi ali pakhonde akusokerera batani pa malaya. Ndinatsitsa mawu, manja kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Alamu, wayayo si wobweretsa magetsi. Ndi wowachotsa."

"Ehee, a Madamu Sayansi ayambapo," anatero alamu, osandicheukira n'komwe.

Khe! Waya wobiriwira uja anagwa pansi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Timakhala m'nyumba ya alamuwo, akulu awo a amuna anga. Chipinda chathu chili kumbuyo, ndipo khoma lake limodzi ndi la matabwa. Kuseri kwa matabwawo kuli shedi imene awiriwo amawotchereramo mageti, mipando ndi mabedi achitsulo. Kabedi ka mwana wathu kanagunda khoma lomwelo chifukwa kwina kulikonse sikakwana. Mwanayo timamutcha Kanyerere, poti chiyambireni kuyenda palibe mpata umene salowamo.

Vuto linabwera ndi makina a penti waufa amene alamu anagula kwa munthu wina amene ankatseka ntchito yake. Ndi kabokosi kokhala ndi paipi ndi mfuti. Mfutiyo imapopera ufa wouma, wopanda madzi, wopanda guluu, koma ufawo umakamata pachitsulo mbali zonse, mpaka kuseri kumene mfuti sinaloze. Kenako chitsulocho amachilowetsa mu uvuni, chimatuluka chosalala ngati chitseko cha galimoto. Tsiku loyamba tonse tinawomba m'manja. Apongozi anati zimenezi ndiye za m'maloto.

Ine ndinazizindikira. Ndisanakwatiwe ndinkagwira ntchito pashopu ya fotokope, ndipo inki ya makina aja nayonso ndi ufa. Chimene chimaukoka kuti ukhale pamene pali zilembo pokha ndi magetsi omwewa. Kusekondale aphunzitsi ankatikhulitsa bolopeni m'tsitsi kenako n'kutolera tizidutswa ta pepala. Ankati chinthu chilichonse chili ndi timagetsi ting'onoting'ono. Zinthu ziwiri zikakhulana, china chimalanda timagetsi ta chinzake; china chimatsala ndi tochuluka, china ndi tochepa, ndiye zosiyanazo zimakokana, zofanana zimakankhana. Timagetsi timeneti sitiyenda ngati magetsi a m'mawaya. Tikasowa kolowera timangounjikana, kudikira. Ukafikapo ndi chala, timadumpha: tcha!

Mfuti ija imadzaza ufa ndi timagetsi totere, chitsulo n'kuukoka. Koma chitsulocho chiyenera kutaya timagetsito m'nthaka, apo ayi chimakhuta. N'chifukwa chake panali waya wobiriwira wochoka pachimango chimene amakolekapo zinthu, kukafika pachitsulo chokhomedwa pansi kunja kwa shedi.

Poyamba zonse zinkayenda bwino. Kenako mvula inatha, mpweya unauma gwa, ndipo chopanira cha waya uja chinakutidwa ndi penti mpaka mano ake osaoneka. Alamu anayamba kugwidwa shoko. Akakhudza chimango, tcha! Akakhudza geti, tcha! Tsiku lina anadumpha mpaka kudziluma lilime, amuna anga n'kuthawira kuseri kukaseka.

Alamu si munthu wopusa, ndisaname. Akhala akuwotcherera zitsulo kuyambira ine ndili kupulayimale, ndipo chimene chawasunga amoyo zaka zonsezi n'chimodzi: magetsi amaopa labala. Ndiye anaganiza mmene anazolowerera. Anati wayayo ndi amene akukoka magetsi pansi. Atamudula, anakweza chimango pamatayala akale, anayala mphasa yalabala ya mulole pansi ponse, n'kugula jombo zalabala mapeyala awiri.

"Tione tsopano adzera kuti," anatero akupukuta m'manja.

"Ndiye vuto lakelo, alamu. Alibenso kodzera."

"Mlamu, mwana akulira uko."

Sankalira.

Kuchokera pamenepo penti anayamba kukana. Chitsulo chokhuta chimakankha ufa wina umene ukubwera, ndiye ufawo unkangoyandama m'mwamba. Alamu anapotokola kabatani ka mphamvu mpaka kumapeto. Shoko anakula, ufa unachuluka. Unkalowa m'mipata ya matabwa n'kudzatera pamasikito a mwana. M'mawa wina nditamupukuta mphuno, kansalu kanabwera ndi mamina a buluu. Ndinatenga nyuzipepala zakale n'kutseka mipata yonse ndi mpeni.

Koma chimene chinkandisowetsa tulo si ufawo. Asanapake penti amapukuta chitsulo ndi petulo kuti mafuta achoke, ndipo beseni la petuloyo limakhala losavundikira, m'shedi momwemo. Fungo lake ndinkalimva ndili pabedi. Kamoto ka shoko n'kakang'ono, inde, koma mpweya wa petulo sufuna moto waukulu.

Pakhomo pano amandidziwa kuti ndine wamantha. Ndimabwerera pageti kukaona ngati ndazimitsa sitovu. Mwana akagona nthawi yaitali ndimakaika chala pamphuno pake. Ndiye chilichonse chimene ndinganene chimalowa m'thumba limodzi lomwelo: mantha a amake Kanyerere.

Ndinaganiza zoti ndiwaonetse ndi maso. Madzulo ena titatha kudya ndinang'amba pepala tizidutswa patebulo, n'kutenga chipeso chapulasitiki, n'kuchikhula pajuzi. Nditachiyandikiza, timapepala tija tinadumpha n'kumata. Kanyerere anakuwa ndi chimwemwe, n'kuyamba kukwera tebulo.

"Ii, mpongozi, matsenga amenewa munkatibisira?" anatero apongozi.

"Si matsenga, amayi. Ndi zomwe zija za m'shedi. Taonani, magetsiwa akhala pachipesopa chifukwa pulasitiki sawalola kuchoka. Chimango chijanso pamatayala…"

"Dikirani," anatero alamu, akuloza ndi supuni. "Chipesocho mwachigwira m'manja?"

"Eya."

"Chakugwirani shoko?"

"Ayi, koma…"

"Basi! Mwandithandiza kufotokoza. Pulasitiki ndi labala n'pachibale. Wamva, mng'ono wanga? Ngakhale sayansi yavomereza."

Amuna anga anaseka kuseka kwawo kuja kosatsegula pakamwa, maso ali m'mbale. Ine ndinangosonkhanitsa timapepala tija.

Titalowa kuchipinda ndinawafunsa. "Bambo a Kanyerere, inuyo mukuona kuti ndikunama?"

Anayamba kumasula zingwe za nsapato. Kenako anati, "Ndikayandikira chimango chija, ubweya wa pamkonowu umaimirira wonse."

"Ndiye bwanji simunena?"

"Ndi achimwene."

"Ndikudziwa kuti ndi achimwene. Magetsiwo akudziwa?"

"Usayambe, iwe. Anandiphunzitsa ntchito ndi iwowo. Chipinda chino anatipatsa ndi iwowo. Ukufuna ndikawaimirire pamaso pa amayi n'kuwauza kuti mkazi wanga akuti simudziwa magetsi?"

"Musanene kuti mkazi wanga. Nenani kuti mwaganiza nokha."

"Angadziwe. Ine sindiganiza zoterozo." Anayesa kundiseketsa, koma ine sindinaseke. "Tamvera, pali mabedi a nyumba yogona alendo amene tikupanga. Tikangowapereka, ndiwalankhula bwinobwino."

"Mabediwo ndi angati?"

"Ambiri."

Mawa lake masana onse awiri anapita kukagula zitsulo, apongozi atagona. Ndinamupatsa mwana zivundikiro za mapoto kuti azisewera, n'kulowa m'shedi ndi mpeni wakukhitchini. Ndinapala chopanira chija mpaka mano ake anawala. Ndinapalanso pachimango, kumunsi kumene maso safika, mpaka chitsulo chenicheni chinaoneka. Waya ndinamulumikiza mmene ndinkaonera amuna anga akuchitira, n'kumudutsitsa kuseri kwa matayala.

Atabwera anayatsa makina. Ine ndinali panja ndikuchapa, khutu lili kushedi. Sindinamve tcha ngakhale kamodzi. M'malo mwake ndinamva alamu akuimba mluzu.

"Amayi, tabwerani mudzaone!" anaitana. "Penti akumata ngati wakwatiwa kumene. Ndinanena ine, matayalawa amafuna nthawi kuti akhazikike."

Amuna anga anasuzumira pakhomo la shedi n'kundiyang'ana. Ine ndinaweramira m'beseni. Ndinati zilibe kanthu, atenge ulemuwo ndi matayala, bola waya akhalepo.

Sizinakhalitse. Tsiku lotsatira alamu anagwetsa sipanala kuseri kwa chimango, ndipo poitola anamuona waya.

"Ndani wagwira zinthu zanga?"

Panalibe chifukwa chobisa. Ndinapita ndi thovu m'manja. "Ndine, alamu. Ndipo dzulo lija munaona nokha kuti…"

"M'shedi mwanga? Ndi mpeni wodulira anyezi?"

"Penti anamata. Shoko sanakugwireni."

"Mukadafa muno, anthu akadati chiyani? Akadati ndani wapha mkazi wa mng'ono wake? Ine ndimalowa kukhitchini kwanu kudzakuuzani mchere wothira?"

"Mumandiuza, alamu. Tsiku lililonse."

Zimenezo zinangotuluka zokha. Amuna anga anatseka maso. Alamu anakoka chopanira chija ndi mkwiyo n'kuchikoleka pamsomali wa pakhoma la matabwa, pafupi ndi chimango, mbali inayo ikadali yolumikizidwa ku chitsulo cha m'nthaka.

"Chikhale pamenepo, aliyense azichiona. Wochigwiranso asamuke."

Masana a tsiku lomwelo kunatentha, kopanda ngakhale kamphepo. Kanyerere ndinamugoneka pakabedi kake n'kutsitsa masikito, ine n'kupita kukayanika zovala. Makina ankalira m'shedi. Ndinamva tcha woyamba, alamu n'kutukwana. Ndinamva wachiwiri. Wachitatu anali wamkulu ngati munthu wathyola nthambi youma, ndipo pambuyo pake panamveka phuu!

Amuna anga anandiuza pambuyo pake mmene zinachitikira. Ankakankha mutu wa bedi umene anali atangoupopera, ndipo unagwedezeka n'kuyandikira chopanira chija pamsomali. Timagetsi tonse timene tinaunjikana tinapeza njira. Moto wabuluu, wautali ngati chala, unadumpha. Beseni la petulo linali pansi pake.

Ine sindinaone zimenezo. Ndinangoona utsi ukutuluka pakhomo la shedi, miyendo n'kundithamangitsa yokha, osati kushedi koma kuchipinda. Utsi unali utalowa kale. Nyuzipepala zija ndinatseka nazo mipata zinkayaka, mzere wonse, ndipo kachidutswa kena kanagwera pamasikito. Ndinaona bowo likukula pamwamba pa mutu wa mwana, m'mphepete mwake mukudontha. Ndinang'amba masikitowo, kumunyamula, kutuluka. Sindikumbuka kuti ndinadutsa bwanji pabalaza. Ndinangopezeka ndili pamsewu, wopanda nsapato, mwana akulira chifukwa ndamudzutsa.

M'shedi anazimitsa msanga. Amuna anga anavundikira beseni ndi lata, alamu anathira mchenga pamatabwa, apongozi anabwera ndi ndowa ya madzi anga ochapira. Nditabwerera, matabwa anali akuda mpaka m'chiuno mwa munthu. Nsidze za amuna anga zinali zitapita, mkono wawo wofiira.

Ndinaima pakhomo mwana ali pachifuwa. Ndinati tsopano aona. Palibenso chofotokoza.

Alamu anayang'ana khoma, anayang'ana msomali, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwaona zimene wachita waya wanu?"

"Wanga?"

"Moto wadumphira kuti? Mng'ono wanga, unalipo. Wadumphira pamatayala?"

"Ayi," anatero amuna anga motsitsa.

"Wadumphira kuti?"

"Pawaya."

"Pawaya! Masiku onsewa opanda waya, moto unayakapo muno?"

"Alamu, wadumpha chifukwa munamuchotsa pachimango. Akanakhala womangirira, magetsiwo akanamatsika pang'onopang'ono, osadikira kuti achuluke. Lero apeza waya. Mawa apeza chitseko, apeza uvuni, apeza dzanja la munthu…"

"Mawa sapeza kanthu."

Anatuluka, anatenga chitsulo chozulira misomali, n'kuyamba kulimbana ndi chitsulo chija cha m'nthaka. Chinakana, iwo anaumirira, thukuta kamukamu, mpaka chinazuka. Anachiponya pamulu wa zitsulo zotha ntchito, waya yemwe.

"Tiyeni tingothokoza Mulungu kuti palibe wavulala," anatero apongozi akupaka mafuta pamkono wa mwana wawo. "Ndipo inu mpongozi, ndikupempheni. Zinthu za amuna muzizisiya. Taonani lero."

"Amayi, tabwerani mudzaone masikito a mdzukulu wanu."

"Ndaona, mwanawe, ndaona. Tigula ena."

"Nanga tiitane munthu wa kumene mumagula ufawo, adzaone makinawa. Ngati ndikulakwitsa ndine, ndigwada pano ndipepese," ndinatero.

"Kuitana munthu adzandiphunzitse ntchito pakhomo panga?" anatero alamu. "Kuti mawa tauni yonse imve kuti shedi yathu inapsa? Ndani adzatipatsenso ntchito?"

"Achimwene, mwina…" anayamba amuna anga.

Alamu anawatembenukira.

"Mwina chiyani?"

"Mwina… petuloyo tizimuika panja."

"Padzuwa? Kuti aziuluka? Ayi. Ngakhale mgolo wa petulo uli panjawo tiulowetsa mkati, pakona apo pamthunzi, tiukhazika patayala. Ndipo tamvera: lero tataya tsiku. Mawa tiyamba kusanache, zitseko zotseka, ufa usamathawire panja. Mabedi aja atuluke."

Pakona imene ankalozayo ndi pamene matabwa amakumana ndi khoma la njerwa. Kuseri kwake ndi kumene kumakhala mutu wa kabedi ka Kanyerere.

Ndinalowa kuchipinda. Munkanunkha utsi ndi pulasitiki wopsa. Papilo wa mwana panali timadontho takuda touma, ndipo nditayesa kutichotsa ndi chikhadabo tinakana. Ndinayang'ana chipindacho ngati ndingapeze kwina koika kabediko. Pabalaza? Denga ndi limodzi. Kwa apongozi? Denga ndi lomwelo.

Ndinamukhazika mwana pabedi lathu n'kutsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Dzuwa linali likulowa pamene amuna anga anabwera. Anaima pakhomo, nkhope yopanda nsidze ikuoneka ngati ya munthu wodabwa mpaka kalekale.

"Ukutani?"

"Ndikupita kwa akulu anga."

"Chifukwa cha mawu a achimwene? Ukuwadziwa mmene alili. Mawa adzakhala ataiwala."

"Si mawu. Anditukwane mpaka chaka chithe, ndipirira. Koma mwanayu sakhala m'nyumba muno makina aja akulira."

"Ndiye uzikhala naye panja tikamagwira ntchito."

"Kusanache? Pamsewu? Tsiku lililonse mpaka liti?"

Anakhala pamphepete pa bedi. Kanyerere anawakwera n'kuyamba kufufuza ndi chala pamene panali nsidze.

"Amayi adzati wathawa banja."

"Anene."

"Achimwene adzati ndalephera kukulamulira."

"Ndiye mwalephera zoona. Tiyeni tipitire limodzi, bambo a Kanyerere. Inunso mumaima pafupi ndi beseni lija kuposa wina aliyense."

"Ndikawasiya okha adzagwira ntchito yonse okha, ndipo palibe amene adzayang'ane petuloyo." Anapukusa mutu. "Ndidzadzuka iwo asanadzuke, ndidzatulutse mgolowo."

"Adzaulowetsanso."

"Ndidzautulutsanso."

"Koma kuwauza kuti waya abwerere, zimenezo ayi?"

Anayang'ana pansi. "Ndipatse nthawi."

"Nthawiyo tengani. Ine ndikadikirira uko. Tsiku limene chitsulo chija chidzakhomedwenso pansi, waya n'kumangidwa pachimango, mudzandiimbire. Ndidzabwera ndidzaone ndi maso anga, kenako ndidzakatenga mwana."

"Ndiye kuti sukundikhulupirira."

"Ndikukukhulupirirani kuti mukufuna."

Ndinapinda timadiresi, matewera, kabulangete kamene sikananunkhe utsi. Zanga ndinatenga zochepa, kuti apongozi akasuzumira m'kabati aone kuti sindinasamuke. Kenako ndinaimbira akulu anga. Anayamba kufunsa mafunso, ine ndinangoti, "Ndidzafotokoza ndikafika, ingondisiyirani kiyi pansi pa mphika wa maluwa."

Kunja ndinamva mgolo ukukunkhulizidwa, gudugudu, kulowa m'shedi. Unagunda matabwa, kabedi kopanda munthu kaja n'kugwedezeka.

"Basi yoyamba imadutsa kusanayere," ndinatero. "Ndikufuna ndikhale nditatuluka makina asanayatsidwe."

Amuna anga ananyamula chikwama kuti amve kulemera kwake, n'kuchiikanso pansi pafupi ndi chitseko.

"N'cholemera," anatero. "Udzandidzutse, ndidzakuperekeze pamsewu."